Kulumikiza TV, dekoda ndi sabuufa: chingwe chanji, bowo liti

M'nyumba zambiri muli TV yabwino, yaikulu, yogulidwa ndi ndalama zokhetsera thukuta, koma chithunzi chake n'chomvetsa chisoni. Mpira ukamaseweredwa manambala a pamsana pa osewera sawerengeka, zilembo zoyenda m'munsi pa nthawi ya nkhani zimangooneka mbuu, ndipo mwini wake amadandaula kuti anamugulitsa chinthu chabodza. Kawirikawiri TV imakhala ilibe mlandu. Mukasuzumira kumbuyo mupeza dekoda yalumikizidwa ndi zingwe zitatu zija, chachikasu, chofiira ndi choyera, pomwe bowo la HDMI lili pambali pomwepo litadzaza fumbi. Zimandiwawa kuona munthu akulipira mwezi ndi mwezi kuti aonere matchanelo a HD, koma kachingwe kamodzi kakumulanda zonse zimene walipirazo.

Ntchito imeneyi mungathe kuigwira nokha. Chofunika n'kudziwa kumene chithunzi ndi mawu zikuchokera, kumene zikupita, ndi chingwe chimene chingazinyamule popanda kuziwononga panjira.

Choyamba: tembenuzani zipangizo musanapite kumsika

Zimitsani zonse ndipo zulani mapulagi pakhoma. Kenako tembenuzani TV, dekoda, sabuufa, DVD ndi china chilichonse chimene mukufuna kulumikiza. Pafupi ndi bowo lililonse pali zolemba, nthawi zina tizilembo tongodindidwa papulasitiki yakuda, choncho walitsani tochi ya foni. Fufuzani makamaka OUT ndi IN. Chithunzi ndi mawu zimayenda ngati madzi mumpope: zimatuluka pa OUT ya chipangizo chimodzi n'kukalowa pa IN ya chinzake. Dishi kapena eriyo imapereka kwa dekoda, dekoda imapereka kwa TV, TV imapereka mawu kwa sabuufa. Mukalumikiza IN ndi IN inzake, ngakhale mitu ya zingwe italowa bwinobwino ndipo mitundu yake itafanana, simumva kanthu ndipo simuona kanthu. Mavuto ambiri a ntchitoyi amachokera pomwepa.

Jambulani ndi foni kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, zolembazo zizioneka. Zithunzizo ndi zimene mupite nazo kwa wogulitsa, chifukwa mukangoti "ndikufuna chingwe cha TV" iye sangalote mabowo a TV yanu. Yezaninso mtunda wa pakati pa zipangizo ndi kaulusi, mutsatire njira imene chingwe chidzadutse, ndipo muwonjezereko pang'ono kuti chisadzakhale chokokeka.

Chachiwiri: dziwani zingwe zake

HDMI ili ndi mutu wophwatalala, mbali imodzi yocheperako, ndiye imalowa njira imodzi yokha. Ikakana musaikakamize, itembenuzeni. M'mutumo muli timano 19 tosachedwa kupindika. Chingwe chimodzi chimenechi chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo chiyambire 2002 pamene chinakhazikitsidwa chalowa m'malo mwa pafupifupi zingwe zina zonse. Ngati zipangizo ziwiri zonse zili ndi bowo la HDMI, nkhani yatha, gwiritsani ntchito imeneyo.

Pogula HDMI musatengeke ndi mtengo kapena ndi mitu yonyezimira. Chithunzi chimadutsamo chili manambala, ndipo manambalawo akafika onse chithunzi chimakhala chimodzimodzi, kaya chingwe n'chotchipa kaya n'chodula. Chingwe chikamalephera mumaona timadontho tothwanima, kapena chithunzi chikuzima n'kuyakanso, koma sichingawonjezere kukongola kwa mitundu. Werengani zolembedwa papaketi. Cholembedwa High Speed n'chokwanira pa dekoda ya HD. Ngati TV ndi ya 4K, yoonetsa chithunzi chakuthwa kuposa cha HD, ndipo muli ndi chipangizo chotulutsadi 4K, funani Premium High Speed. Ultra High Speed inabwera ndi HDMI 2.1 ya mu 2017, ndipo imafunika kwa amene ali ndi PlayStation 5 kapena Xbox Series X pa TV yotha kuonetsa zonse zimene makinawo amatulutsa. Chimene ine ndimayang'ana kwambiri ndi khosi la chingwe, pamene mutu wakumana ndi thunthu. Likakhala lopyapyala ndipo mutu ukugwedera, chingwecho sichikhalitsa.

Zingwe za AV ndi zitatu zija. Chachikasu ndi cha chithunzi, choyera ndi cha mawu a kumanzere, chofiira ndi cha mawu a kumanja. Chithunzi chake sichipitirira mizere 576, pomwe HD yathunthu ili ndi mizere 1080. Pa TV yachikale ya chimsana zimaoneka bwino ndithu chifukwa inapangidwira zomwezo, koma pa TV ya mainchesi 43 kapena 55 kuchepako kumaonekera poyera.

Palinso zingwe za mitu isanu zimene zimapezeka kwambiri pa ma DVD: chobiriwira, chabuluu ndi chofiira ndi za chithunzi, pamabowo olembedwa Y, Pb ndi Pr, ndiye china chofiira ndi choyera ndi za mawu. Zimatha kunyamula HD, choncho zimaposa chachikasu kutali. Msampha wake ndi zofiira ziwirizo. Mukazisinthanitsa, nkhope za anthu zimasintha mtundu ndipo sipika imodzi imangolira phokoso.

Chingwe cha eriyo kapena dishi ndi chozungulira chija, chokhala ndi kawaya kamodzi kolimba pakati ndi ukonde wa timawaya mozungulira. Cha optical n'chopyapyala, mutu wake ndi wa ngodya zinayi, ndipo chimanyamula mawu okha pogwiritsa ntchito kuwala kofiira. Amene TV yawo inachokera ku Britain angapezenso bowo lalikulu la timabowo 21 lotchedwa SCART. Limeneli limafuna kadaputa kosandutsa SCART kukhala mabowo atatu a AV, ndipo ngati kadaputako kali ndi kaswitchi, kaikeni pa IN mukakalowetsa ku TV.

Chachitatu: kuchokera padenga kufika pa dekoda

Apa ndi pamene pamafunika dzanja lodekha. Gulani chingwe cholembedwa RG6, cha 75 ohm. RG59 ndi chocheperako ndipo chimataya mphamvu yambiri mtunda ukatalika, makamaka pa dishi. Ngati mungathe, pitani ndi kamaginito: kawaya ka pakati kakamamatira ku maginito ndiye kuti ndi chitsulo chongokutidwa ndi kopa. Chimagwira ntchito pamtunda waufupi, koma cha kopa yeniyeni chimanyamula bwino magetsi opita ku dishi ndipo sichichita dzimbiri msanga chikalowa chinyezi.

Ndatchula magetsi chifukwa dekoda ya dishi imatumiza mavolti 13 kapena 18 kudzera m'chingwe chomwechi kupita ku LNB, kachipangizo kokhala kutsogolo kwa dishi kaja. N'chifukwa chake simuyenera kumanga kapena kumasula chingwechi dekoda ili pamagetsi. Kawaya ka pakati kakangogunda chitsulo cha m'mbali, mwapanga shoti.

Mutu wake ndi wopotokola, wotchedwa F. Kuuika kwake ndi motere. Tengani lezala kapena mpeni wakuthwa, lembani mozungulira chikopa chakunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka kuchokera kunsonga, mosamira kwambiri, ndipo vulani chikopacho. Timawaya ta ukonde tija musatidule, tipindireni m'mbuyo tigone pachikopa. Kenako dulani pulasitiki yoyera ya mkati, musiyeko mamilimita ochepa okha, kuti kawaya ka pakati katsale poyera pafupifupi sentimita imodzi. Samalani kuti lezala isakatemere kawayako, chifukwa pamene patemeka ndi pamene padzathyokere. Potokolani mutu wa F pamwamba pa ukonde wopindidwawo mpaka pulasitiki yoyera ifike pakamwa pa kabowo ka mkati. Dulani kawaya ka pakati kuti kangotulukira mamilimita awiri kupitirira mlomo wa mutuwo. Pomaliza yang'anitsitsani m'kati ndi tochi. Kakapezeka kawaya ka ukonde ngakhale kamodzi kokha kakukhudza ka pakati, kachotseni. Kanthu kakang'ono kameneka kamachititsa anthu kukwera padenga kukasuntha dishi imene inali bwinobwino.

Mutu wa panja, wa ku LNB kapena ku eriyo, ukulungeni bwino ndi tepi kuti madzi asalowe. Pamene chingwe chikulowa m'nyumba, chisiyeni chitsike kaye pang'ono kenako chikwere polowa pabowo, kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo motsatira chingwe mpaka mu dekoda. Musachipinde mothyola pangodya, ndipo musachikhome ndi msomali wopinda mpaka kuphwatalala. Kulumikiza zidutswa popota mawaya n'kukulunga pepala la pulasitiki kumadya siginolo, ndipo mvula yoyamba ikangogwa polumikizapo pamayamba dzimbiri. Ngati n'kofunikadi kulumikiza, ikani mitu ya F mbali zonse ndi kachitsulo kolumikizira pakati.

Kumbuyo kwa dekoda ya dishi, monga ya DStv kapena Azam, chingwechi chimalowa polembedwa LNB IN. Pa dekoda ya eriyo, monga ya GOtv kapena Kiliye Kiliye, chimalowa polembedwa RF IN kapena ANT IN, ndipo mabowo ena a eriyo si opotokola, ndi ongokankha, ndiye onani pachithunzi chanu chija kuti mugule mutu woyenera. Musasokoneze ndi RF OUT imene imakhala pafupi pomwepo pa madekoda ena. Eriyo ilozetseni kumene aloza ma eriyo a anansi amene akuonera bwino, kenako tsegulani pa menyu pamene pamaonetsa mphamvu ndi ubwino wa siginolo, wina azitembenuza pang'onopang'ono inu mukuyang'ana. Pa ziwirizo, cholembedwa Quality ndicho chofunika kwambiri.

Kuno kwathu kanema wa pa eriyo amaulutsidwa pa DVB-T2. TV yakale, kapena yobwera kuchokera kunja yongolembedwa DVB-T, singagwire matchanelo amenewa payokha ngakhale eriyo italika bwanji, imafuna dekoda. Ndipo ngati mukufuna madekoda awiri pa dishi imodzi, musagawe chingwe ndi kasipulita wamba, chifukwa madekodawo azilimbirana LNB ndipo matchanelo ena azisowa. Ikani LNB ya mabowo awiri, dekoda iliyonse ikhale ndi chingwe chake.

Chachinayi: kuchokera pa dekoda kupita pa TV

Lowetsani HDMI pa HDMI OUT ya dekoda, mutu winawo pa limodzi la mabowo a HDMI a TV. Onani nambala ya bowolo. Ngati limodzi lalembedwa ARC, lisungireni zokuzira mawu, dekoda muiike pa lina. Zingwe za AV zichotseni, sizikufunikanso. Mukayatsa, dinani batani la Source kapena Input pa rimoti ya TV n'kusankha HDMI ya nambala imene mwalowetsapo.

Ambiri amalekera pomwepa, koma patsala kanthu kamodzi. Lowani mu menyu ya dekoda, pa zokhudza chithunzi, ndipo onetsetsani kuti ikutulutsa 1080i kapena 1080p, kapenanso 720p ngati TV ndi yaing'ono. Dekoda imene yakhala zaka ikugwira ntchito ndi chingwe chachikasu ikhoza kukhala idakali pa 576. Pomwepo sankhaninso 16:9 ngati TV ndi yamakono, 4:3 ngati ndi ya chimsana. Anthu akamaoneka onenepa modabwitsa kapena owonda motalika, vuto lili pamenepa.

TV ikakhala yopanda HDMI, gwiritsani ntchito AV, mtundu ku mtundu unzake. Ma TV ena amakono ndiponso madekoda ena ang'onoang'ono alibe mabowo atatu, ali ndi kabowo kamodzi kofanana ndi ka mahedifoni kolembedwa AV. Kachingwe kake kamabwera m'katoni, ndipo musakataye, chifukwa makampani salumikiza mkati mofanana. Kogula padera kakhoza kulowa bwino koma n'kutulutsa phokoso lokhalokha. Zikatero yesani kulowetsa chithunzi pamutu wofiira kapena woyera, nthawi zina chimapezeka kumeneko. Palinso ma TV amene bowo lachikasu alibe, analiphatikiza ndi lobiriwira lolembedwa Y/Video. Chachikasu chilowetseni pamenepo, koma pa Source musankhe AV. Mukasankha Component chithunzi chidzabwera chopanda mitundu.

Tsopano chenjezo limene ndikufuna mulimve bwino. Pamsika pamapezeka chingwe chokhala ndi mutu wa HDMI mbali imodzi ndi mitu itatu ya AV mbali inayo, popanda kabokosi pakati. Musataye ndalama. HDMI ndi AV zimanyamula chithunzi m'njira zosiyana kotheratu, ndipo waya wamba sangasandutse china kukhala chinzake. Pamafunika kabokosi kosandutsa, kamene kamadya magetsi kudzera pa USB. Kabokosiko kamayenda mbali imodzi yokha: kolembedwa HDMI to AV ndi kolumikizira chipangizo chatsopano ku TV yakale, kolembedwa AV to HDMI ndi kolumikizira DVD kapena gemu yakale ku TV yatsopano. Ngati kali ndi kaswitchi ka PAL ndi NTSC, kaikeni pa PAL, chifukwa ndi imene ma TV a kuno amagwiritsa ntchito.

Chachisanu: mawu

Ma TV opyapyalawa ali ndi timasipika tating'ono toloza pansi kapena kumbuyo, ndiye n'zomveka kuti pafupifupi aliyense amafuna sabuufa, soundbar kapena home theatre. Pano ndi pamene OUT ndi IN zimasokoneza anthu kwambiri. Mabowo ofiira ndi oyera a kumbuyo kwa TV nthawi zambiri ndi olowetsera mawu a DVD kapena dekoda. Mukalumikizapo sabuufa imangokhala chete, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti yapsa. Fufuzani polembedwa Audio Out, Digital Audio Out, Optical, ARC, kapena pojambulidwa mahedifoni.

Njira yabwino koposa ndi ARC, ngati TV ndi soundbar zonse zili nayo. Inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, ndipo imalola mawu kutuluka mu TV kudzera pabowo limene mwachizolowezi ndi lolowetsera. Tengani HDMI, mutu umodzi pabowo la TV lolembedwa ARC kapena eARC, winawo pabowo la soundbar lolembedwanso ARC. Bowo lina lililonse silingagwire ntchitoyi. Kenako lowani mu menyu ya TV mukayatse CEC, imene imalola zipangizo kumverana. Kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: pa Samsung ndi Anynet+, pa LG ndi SimpLink, pa Sony ndi Bravia Sync, pa Panasonic ndi VIERA Link, ndipo ena amangolemba HDMI-CEC. Pomaliza, pa zokhudza mawu, sankhani kuti azitulukira ku chipangizo chakunja. Ubwino wake ndi wakuti rimoti ya TV yomweyo imakweza ndi kutsitsa mawu a soundbar, ndipo chilichonse chimene TV ikuonetsa, kaya dekoda, kaya flash, kaya YouTube, mawu ake amapita konko.

Ikasowa ARC, yachiwiri ndi optical. Kunsonga kwa chingwe chatsopano kumakhala tizipewa ta pulasitiki, tivuleni kaye, chifukwa ambiri amakankha osavula mpaka kuthyola kachitseko ka bowo. Mutu ukalowa bwino umamveka kuti thwa. TV ikayaka, kunsonga inayo kuzioneka kuwala kofiira. Chingwechi sichifuna kupindidwa kwambiri popeza mkati mwake mumadutsa kuwala. Mukalumikiza koma mawu osatuluka, kapena akutuluka pa matchanelo ena okha, pitani pa Digital Audio Out mu menyu ya TV n'kusankha PCM. PCM ndi Dolby Digital ndi njira ziwiri zotumizira mawu: zipangizo zambiri zotchipa sizitha kumasulira Dolby Digital, koma PCM zonse zimaimva.

Masabuufa ambiri amene ali m'nyumba zathu alibe ARC kapena optical, ali ndi mabowo awiri okha, lofiira ndi loyera, olembedwa AUX kapena Audio In. Ngati TV ili ndi kabowo ka mahedifoni, gulani chingwe cha mutu wa 3.5mm mbali imodzi ndi mitu iwiri, wofiira ndi woyera, mbali inayo. Pa sabuufa dinani Mode kapena Input mpaka ifike pa AUX. Kwezani mawu a TV afike chapakati kapena kupitirirako, ndipo sabuufa muikweze pang'ono chabe. Mukachita mosemphanitsa, TV pansi sabuufa pamwamba, mumamva kaphokoso ka sii kosalekeza. TV ikakhala ndi optical yokha, pali kabokosi kena kosandutsa optical kukhala mabowo ofiira ndi oyera. Nakonso kamafuna magetsi a USB, ndipo TV iyenera kukhala pa PCM.

Njira yomaliza ndi kutenga mawu pa dekoda penipeni, pamabowo ake ofiira ndi oyera, pomwe chithunzi chikupita ku TV pa HDMI. Imagwira ntchito, koma ili ndi zovuta ziwiri. Sabuufa izingolira za dekoda zokha, mukaika flash pa TV ikhala chete. Chinanso, TV imatenga kanthawi kukonza chithunzi, ndiye mawu amatha kutsogola milomo ya wolankhula, ndipo masipika a TV akakhala osatsitsidwa mumamva mawu awiri otsatizana. Tsitsani a TV mpaka pa 0. Madekoda ena ali ndi pochedwetsera mawu mu menyu, polembedwa Audio Delay kapena Lip Sync.

Pa mawaya a masipika enieniwo, chofiira chipite pa +, chakuda pa −, mbali zonse ziwiri ndiponso pa sipika iliyonse. Sipika imodzi ikatembenuzidwa siipsa, koma mabesi amachepa ndipo mawu amamveka opanda thupi. Potani timawaya ta kunsonga tikhale pamodzi musanalowetse, kuti pasakhale kotsalira kogunda bowo linalo, chifukwa zimenezo ndi zimene zimaotcha ampu, chipangizo chokuzira mawu chimene masipika amalumikizidwako. Musaunjikenso masipika awiri kapena atatu pabowo limodzi pofuna phokoso lambiri. Kutero kumatsitsa ma ohm, ndiye onani nambala ya ohm yolembedwa kumbuyo kwa ampu ndipo musatsike kuposa pamenepo.

Chachisanu ndi chimodzi: laputopu, foni ndi zina

Laputopu ya HDMI ndi yosavuta. Lumikizani, sankhani Source, ndipo pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P kuti musankhe kaonetsedwe. Mawu akapitiriza kutulukira pa laputopu, dinani kachizindikiro ka sipika n'kusankha dzina la TV. Laputopu yakale ya VGA, bowo labuluu la timabowo 15, imatumiza chithunzi chokha, mawu amafuna chingwe chawochawo cha 3.5mm. Pa foni samalani: si foni iliyonse ya USB-C imene imatulutsa chithunzi pabowo lake, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo satero. Yesani kadaputa pamalo ogulira musanalipire.

Mabowo a HDMI akachepa, chofunika ndi HDMI switch, imene imalandira zipangizo zingapo n'kupereka ku TV imodzi. Splitter imachita zosiyana, imatenga dekoda imodzi n'kugawira ma TV awiri chithunzi chofanana, monga zimakhalira m'malo oonetsera mpira. Mtunda ukapitirira mamita 10, HDMI wamba imayamba kuvuta, ndipo pa 4K imayamba kuvuta usanafike n'komwe pamenepo. Zingwe zopangidwira mtunda wautali zimakhala ndi mbali: mutu wolembedwa Source upite ku dekoda, wolembedwa Display kapena TV upite ku TV. Yesani chingwe chili pansi musanachidutsitse kudenga.

Chachisanu ndi chiwiri: magetsi

Mapulagi abwerere pakhoma pokhapokha zingwe zonse zitalowa. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, ndiye chipangizo chochokera ku America kapena ku Japan chiwerengeni kaye kumbuyo. Cholembedwa 100–240V chilibe vuto, koma cholembedwa 110V kapena 120V chokha chidzapsa nthawi yomweyo popanda thiransifoma. Pulagi ya mano awiri kapena ya mano ozungulira ya ku South Africa musaikakamize m'soketi potokosa ndi kamtengo. Idulidwe, paikidwe ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Pulagi yogwedera imathetheka, ndipo kuthethekako kumawononga zipangizo pang'onopang'ono.

TV, dekoda ndi sabuufa zikhale pa ekisitenshoni imodzi yolimba, yodutsira pa TV guard. Kachipangizo kameneka kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira, ndipo akabwera pambuyo pozima kamadikira kaye asanalowe mu TV. Kukhala pa ekisitenshoni imodzi kumachepetsanso kulira kwa huu kumene kumamveka mu sabuufa. Kulirako kukapitirira, siyanitsani zingwe za mawu ndi za magetsi, zisayende zitamangidwa mtolo umodzi. Firiji, ayironi ndi ketulo zikhale ndi soketi yawo.

TV guard siteteza ku mphenzi yodzera padenga. Mphamvu yake imatsika ndi chingwe cha dishi kapena eriyo, kulowa mu dekoda, n'kudutsa pa HDMI kukafika mu TV, ndipo n'chifukwa chake nyengo ya mvula ma TV ambiri amayaka bwinobwino koma mabowo a HDMI atafa. Mitambo ikayamba kuda ndipo mabingu akumveka patali, zulani pulagi pakhoma kenako masulani chingwe cha padenga. Chitani zimenezi mvula isanafike. Ziphaliwali zikayamba kung'anima pafupi, chingwecho musachigwirenso.

Zikakana kugwira ntchito

TV ikalemba kuti No Signal, choyamba dziwani amene akulankhula, TV kapena dekoda. Dinani Menu pa rimoti ya dekoda. Menyu ya dekoda ikaoneka, ndiye kuti chingwe cha pakati pa dekoda ndi TV chili bwino, vuto lili ku dishi, ku eriyo kapena pamutu wa F uja. Pa DStv ndi GOtv uthenga wa E48-32 umanena zomwezo, pomwe E16 ndi nkhani ya malipiro, yosakhudza zingwe. Menyu ikapanda kuoneka, vuto lili pa Source imene mwasankha, pa chingwe cha HDMI kapena pabowo. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: yesani bowo lina la TV, kenako chingwe china chobwereka, kenako chipangizo china pabowo lomwelo. Mukasintha zonse nthawi imodzi, ngakhale zitatheka simudziwa chimene chinali cholakwika.

Nthawi zina zipangizo zimangolephera kuzindikirana pa HDMI, makamaka magetsi akangobwera kumene. Zulani zonse pakhoma, dikirani mphindi imodzi, yatsani TV kaye kenako dekoda. Chithunzi chikamadukaduka m'timabokosi, siginolo ya padenga ndi yofooka, ndipo ikamatero ngakhale kunja kulibe mvula, kayang'aneni mitu ya chingwe ngati yachita dzimbiri. Zilembo za m'mphepete zikamadulidwa, sinthani kukula kwa chithunzi mu menyu ya TV, polembedwa Just Scan pa LG kapena Screen Fit pa Samsung.

Zonse zikayenda, matani kapepala pachingwe chilichonse mbali zonse ziwiri, mulembe kumene chikupita, kuti tsiku losesa kapena losamuka musadzayambirenso. Mangani zingwe momasuka, ndipo zisagone pansi pamene makoswe ndi madzi okolopera angazipeze. Ngati TV ili pakhoma ndipo mabowo ake aloza kukhomako, gulani kadaputa ka HDMI kopindika kuti mutu usapanikizike. Kulemera kwa chingwe kusalendewere pabowo, chikolekeni penapake chapafupi, chifukwa bowo la HDMI linawotcheredwa pabolodi yaikulu ya TV, ndipo likathyoka kukonza kwake kumafuna mmisiri wodziwa kuwotcherera timano tating'onoting'ono kapena kugula bolodi ina.